Maliro Amene Tidalira Mochedwa ku Masasa

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980: Kufika ku Mzuzu

Ana anga, mwandivuta kokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga mutu usanayambe kutaya zinthu. Za ubwana wanga ku Ntcheu mudazimva mpaka kutopa nazo, choncho ndiyambira pamene adanditumiza ku Mzuzu nditangomaliza maphunziro a unamwino ndi uzamba. Ndidatsika basi nditavala diresi yopyapyala ndi nsapato zoyera mbee, ndikudziona ngati munthu wofunika kwambiri. Mzuzu sudasamale za kufunika kwangako. Udandilandira ndi kamvula kowaza kosaleka, ndi chisanu cholowa mpaka m'mafupa. Pofika pa kachipatala kamene adandipatsa, nsapato zija zidali zitafiira ndi matope, mano akungogundana.

Amene adandilandira adali a Metironi Gondwe, mkulu wa anamwino pamalopo, mayi wamtali wa ku Rumphi woyenda ndi wotchi pachifuwa. Adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Monire, mama. Ndinu nesi wa ku Ntcheu uja? Juzi mulibe?"

"Ndilibe, mayi."

"Anakuuzani kuti mukupita ku Nsanje?"

Adavula juzi yawo yobiriwira, yonunkha sipiriti, n'kundiponyera. Ndisanamalize kuthokoza adali atandipatsa kale mtolo wa zingano za jakisoni zoti ndikawiritse. Umu ndi mmene adalili mayi amenewa: dzanja lofewa, pakamwa powawa ngati tsabola wa kambuzi. Ndidawaopa kwa zaka zambiri, ndipo lero ndikawakumbukira ndimawasowa kuposa abale anga ena.

Chitumbuka ndidachiphunzira kwa amayi obwera ndi ana, ndipo adandiphunzitsa ndi chiseko. Ndikapotoza lilime ankagwa nako kuseka, kenaka n'kundikonza mwaulemu, ine n'kuthokoza kuti yewo chomene ngati mwana wa sukulu. Bambo anu ndidakumana nawo chaka chomwecho akuphunzitsa ku Katoto. Amati adakopeka ndi Chitumbuka changa chopunduka.

Zaka za sikelo ya ku Masasa

Ntchito imene ndidaikonda kuposa zonse idali sikelo ya ana ku Masasa, dera lina la mu Mzuzu momwemo. Galimoto ya chipatala nthawi zambiri inkakhala yopanda mafuta, ndiye tinkasenza tokha bokosi la katemera ndi sikelo, n'kumakwera zitunda zoterera zija uku tikugwirana manja. Sikelo tinkaipachika pa mtanda wa khonde la tchalitchi. Amayi ankayamba ndi nyimbo za kadyetsedwe ka ana, m'manja mukulira, kenaka mzere unkayamba. Mwana tinkamuveka kakabudula ka sikelo, n'kumukoleka m'mwamba akupalasa miyendo ndi kukuwa ngati tamulakwira chachikulu. Kusowa kwa zinthu kudali mnzathu wa tsiku ndi tsiku. Zingano tinkawiritsa pa mbaula n'kuzigwiritsanso ntchito. Makadi a ana akatha tinkadula makope a sukulu pakati. Palafini wa firiji ya katemera akachepa, a Metironi ankabweretsa wa kunyumba kwawo, ana awo n'kuwerengera pa kandulo. Koma tinkaseka, ana anga. Pobwerera tinkagula chinangwa chootcha n'kumadya m'njira, mvula ikutinyowetsa, ndipo sindikumbuka kuti ndidadziwonapo wosauka.

Ine ndidali ndi khalidwe limodzi limene linkawatopetsa a Metironi. Ndikamaliza kuyeza mwana sindinkafulumira kuitana wina. Ndinkayang'ana mayi kumaso n'kumufunsa kuti, "Nanga inuyo mwagona bwanji?" Funso laling'ono chotero linkatsekula zitseko. Wina ankandiuza kuti bambo adachotsedwa ntchito, wina kuti akumenyedwa, wina kuti sagona tulo chimwalirireni mayi ake. Ndidaona msanga kuti mwana sadwala yekha. Sikelo ikatsika, nthawi zambiri chimene chatsika chimakhala kunyumba, ndipo phala la soya lokha silingachikweze. Koma macheza amadya nthawi, mzere n'kumatalika.

"Time, nesi, time!" ankakuwa a Metironi akugogoda wotchi yawo. "Pano si pamtondo. Next!"

Amayi a ku Masasa adandipatsa dzina loti NyaNkhani, kutanthauza mayi wa nkhani, ndipo mpaka lero alipo okalamba ena amene sadziwa dzina langa lenileni.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990: NyaChirwa

Pa amayi onse amene adadutsa m'manja mwanga, amene ndikufuna mumudziwe ndi NyaChirwa. Adali mtsikana wa ku Nkhata Bay, wophunzira bwino, amene adagwirapo ntchito yotayipa asanakwatiwe. Mwamuna wake ankayendetsa lole ya matabwa ku Chikangawa ndipo pakhomo ankangoonekera mwa apo ndi apo. NyaChirwa ankakhala ndi apongozi ake, agogo NyaManda, mayi wolemekezeka mu mpingo amene adabwera ku Mzuzu kalekale tauni ikadali tchire. Mwana wake woyamba, kamtsikana kotchedwa Tiwonge, kadali ka miyezi yochepa, ndipo mwezi uliwonse sikelo yake inkabwerera m'mbuyo.

Chidandizunguza mutu n'chakuti pakhomopo njala padalibe. Usipa ndi ufa wa kondowole zinkabwera kuchokera kwawo, zovala za mwana zidali zochapa bwino, malungo tidayeza osawapeza. Koma mayiyo ankanyamula mwana ngati katundu amene wina wamusungitsa pa depoti. Sankamuyang'ana kumaso, sankamuseweretsa, ndipo funso langa lija ankaliyankha ndi mawu amodzi okha oti ali bwino, "Makola." Ndidaonanso kuti ankayamwitsa bere la kumanzere lokha. La kumanja ankalibisa ndi mkono.

Tsiku lina la sikelo adagoneka Tiwonge pa benchi n'kutuluka osauza munthu. Tidakamupeza kumunsi kwa chitunda ataima pamvula, akungoyang'ana kudambo. Madzulo ake a Metironi adandiitana mu ofesi.

"Mayi uja mutu wake suli bwino. Galimoto ya kummwera ikunyamuka kutha kwa mwezi, apite nayo ku Zomba ku chipatala cha odwala maganizo. Mwana atsala nafe, tizimumwetsa mkaka wa m'chitini."

"Mayi, mkaka wa m'chitini tili nawo wokwanira? Mwana wofooka chonchija tikamuchotsa kubere, akhala moyo?"

"Mukuganiza kuti sindikudziwa zimenezo?" Adavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Nesi, ine ndinadikirapo ndi mayi wotere, kale ndili kwina. Ndinati tione kaye. Mwanayo ndinakamuika m'manda ndekha. I will not wait again."

Sankanama. Masiku amenewo kuno kumpoto kudalibe kwina kotumiza munthu wovutika maganizo, ndipo ife tidaphunzitsidwa za malungo, chikuku ndi kutsekula m'mimba, osati za mtima wosweka. Komabe ndidadziwa kuti galimoto ija ikanyamuka ndi mayi, Tiwonge sadzaona Khirisimasi.

Ndidapita kunyumba kwawo masana ena, nthawi imene ndidadziwa kuti agogo ali ku msonkhano wa amayi a mpingo. Ndidapempha kuti ndione bere la kumanja. Lidali lolimba ngati papaya losapsa, lotentha, lofiira. Ndidatenthetsa madzi n'kuyamba kulithowa ndi nsalu, osalankhula zambiri, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita nthawi ndidafunsa chapansipansi kuti bwanji mwana sayamwa bere limeneli.

"Ili ndi la mnzake," adatero.

"Mnzake uti, mama?"

Adayang'ana kuchitseko kaye. Kenaka adandiuza monong'ona kuti adabereka mapasa. Matenda adamufulumirira ali kunyumba, ndipo amene adamuthandiza ndi azamba a m'mudzimo. Wachiwiriyo adamwalira atangobadwa kumene, m'chikuta momwemo, ndipo amayi akuluakulu adamutenga iye ali m'tulo n'kukamuika okha. Podzuka adapeza mwana mmodzi, ndi lamulo.

"Anandiuza kuti ndisalire, ndisamutchule, ndisafunse kumene ali. Akuti ndikangolira, Tiwonge amutsatira mnzake. Sono nesi, ndikamuyang'ana Tiwonge kumaso ndikuona winayo, misozi ikubwera. Ndiye ndimaleka kumuyang'ana. Ndikufuna akhale moyo."

Nsalu idandigwa m'manja. Ife tonse tinkati mayiyu sakonda mwana wake, chikhalirecho adali kudzimana mwanayo tsiku ndi tsiku pofuna kumupulumutsa. Ndidamva chisoni chimene sindidachimvepo pantchito yonse.

Mwezi womwewo: Chosankha

Mwambo umenewu sudali wachilendo kwa ine. Kwathu ku Ntcheu nakonso mwana wotere salilidwa, amaikidwa ndi amayi okha mwakachetechete. Ndidakula ndikudziwa zimenezo, ndipo musaganize kuti yunifolomu yoyera imachapa mantha a kumudzi. Ndidaona kuti mayiyu mankhwala ake ndi kulira maliro a mwana wake, pamanda pake penipeni. Koma Tiwonge adali atafooka kale. Bwanji ngati mayi alira lero, mwana n'kumwalira mawa? Masasa yense akadati nesi wa ku Ntcheu wapha mwana wa eni. Amayi akadaleka kubwera ku sikelo, ntchito ikadandithera, ndipo pansi pa mtima kamawu kena kankandifunsa kuti, nanga ngati akuluakulu aja ankanena zoona? Bambo anu adandichenjeza kuti ndine mlendo, ndipo ukayenda umasiya phazi, osati mlomo. Ndidawayankha kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Tidagona chofulatirana.

Ndidakawafotokozera zonse a Metironi. Adazunguza cholembera pa tebulo.

"Zimene mukufuna kuchitazo ine sindinazimve," adatero. "Koma mvetsani ichi. Galimoto ikafika mwana asanakwere sikelo, mayi akwera galimoto."

Amene ankadziwa malo a manda adali agogo NyaManda. Ndidawapeza pakhonde akusankha nyemba, ndipo ndidagwada pansi monga mwana wa pakhomo.

"Amama, ndabwera ndi pempho lolemera. Mpongozi wanu wandiuza za mwana winayo."

Lichero lidaima. "Wakuuzani? Imwe, kwanu ku Ntcheu mumalira mwana wa m'chikuta?"

"Yayi, amama. Kwathunso sitilira."

"Sono mwabwera kudzaswa mwambo wa eni, wanu mwausunga bwino kwanu?"

"Amama, mwambowu makolo anauika kuti wotsalayo akhale moyo. Ine sindikutsutsana ndi makolo. Ndikungopempha kuti mumuyang'ane wotsalayo."

Tiwonge adali gone pa mphasa pafupi nawo, timiyendo tili ngati timitengo ta machesi, kulira kwake kosamveka n'komwe. Agogo adamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka adanyamula lichero lawo n'kulowa m'nyumba, chitseko n'kutseka. Ndidabwerera ndikudziwa kuti ndalephera, ndipo ndawonjezera moto pa mtsikana wosalakwa.

Koma pa sikelo ya sabata yotsatira, anthu atabalalika, ndidangoona agogo aja ataima pakona ya tchalitchi, atavala duku loyera ndi bulauzi yoyera ya ku mpingo. Kumbuyo kwawo kudali NyaChirwa atabereka mwana.

"Tiyeni," adatero agogo osandipatsa moni. "Kweni mwana uyu akafa, mlandu ngwanu. Ndidzaunena pamaso pa Chiuta na pamaso pa wanthu."

Ndidati, "Ndavomera, amama."

Tidatsetsereka mpaka kumapeto kwa manda, kumene mitengo ya bulugamu imakumana ndi dambo. Kumeneko kudalibe mitumbira kapena mitanda, udzu wokhawokha. Agogo adaloza ndi chibwano pamalo pena pamene padali kamwala, n'kutifulatira. NyaChirwa adamasula Tiwonge n'kundipatsa, kenaka adagwada. Sadalire. Adangokhala akusisita udzu ndi chikhatho, mpaka ndidayamba kuganiza kuti ndawavutitsa pachabe anthuwa. Kenaka adafunsa osatembenuka.

"Amama, anali mwana wamkazi kapena wamwamuna?"

Ana anga, mtsikana uja adanyamula mwana miyezi yonse ija, n'kumubereka ndi ululu, osadziwa ngakhale chimenecho.

"Mwanalume," adayankha agogo, kutanthauza kuti wamwamuna. "Mphuno ngati ya adada ake."

Pamenepo ndiye adalira. Kulira kwake kudachokera pansi penipeni pa mimba, mpaka amayi amene ankalima m'dambo adaimika makasu. Adamuitana mwanayo, adamupepesa, adamuuza kuti mkaka wake adamusungira. Ine ndidakumbatira Tiwonge, chala changa chili pa kamtsempha ka m'khosi mwake, ndikupemphera ngati munthu amene sadaphunzirepo za chipatala. Kamtsempha kaja kadapitiriza kugunda. Agogo sadatembenuke. Adangosuntha pang'ono, n'kuwerama, n'kuyamba kuzula udzu pamalo ena pamene ine sindidaonepo chizindikiro chilichonse. Sindidafunse.

Musaganize kuti zonse zidakonzeka tsiku lomwelo. Bere lija lidafuna mankhwala ndi kulithowa masiku ambiri mwana asanayambe kuliyamwa. NyaChirwa adalira sabata yathunthu, ndipo ndinkapita kukakhala naye ndikaweruka, nthawi zina osalankhula kanthu. Mwamuna wake ndidamudikirira pa msewu wa malole n'kumuuza kuti matabwa sadzamuitana kuti adada. Adakwiya, koma adayamba kugona pakhomo. Amayi awiri oyandikana nawo ndidawapempha kuti azimutenga popita kumsika. Tsiku lina ndidamupeza akumuyang'ana Tiwonge m'maso, akumuimbira kanyimbo ka Chitonga, misozi ikugwera pamphumi pa mwana, mwana n'kumayamwa osasamala.

Galimoto ya kummwera itatsala pang'ono kunyamuka, a Metironi adabwera okha ku Masasa. Adamukoleka okha Tiwonge pa sikelo, n'kuyang'anitsitsa muvi. Udali utakwera pang'ono chabe, koma udakwera. Adamutsitsa, adamupsompsona pamutu mwachangu ngati akuba, n'kumupereka kwa mayi ake.

"Next!" adakuwa.

Galimoto idapita yopanda NyaChirwa. Mtengo wake ndidaulipira kwa agogo NyaManda. Adandiimitsa pa njira n'kunena kuti, "Mwana wachira, yewo. Kweni pakhomo panga musadzapondepo." Ndipo sindidapondepo. Tikakumana kumsika ankayang'ana kumbali ngati aona ngongole. Zidandipweteka zaka zambiri, chifukwa ndinkawalemekeza mayi amene aja.

Zaka zotsatira, mpaka kupuma

Kuchokera pamenepo a Metironi adalamula kuti kuseri kwa tchalitchi kuikidwe benchi, ndipo mayi aliyense amene mwana wake watsika sikelo azikhala nane pamenepo mzere ukatha. Sadavomerepo kuti adasintha maganizo. Ankangoti akufuna macheza anga achoke pa mzere wawo. Pa benchi imeneyo padakhala amayi amasiye m'zaka zimene matenda adatha anthu, padakhala agogo olera zidzukulu, padakhalanso abambo angapo amene adabwera mozemba. Lero anamwino achinyamata amaphunzira za umoyo wa maganizo kusukulu, ali ndi mayina a matenda amene ife tinkangowaona ndi maso, ndipo ndimakondwera nazo. Koma ndikapita kukayezetsa magazi n'kuona mwana wa eni akulemba pa kompyuta osadzutsa mutu, lilime limandiyabwa. A Metironi adatisiya kalekale. Khonde lija adaligwetsa pomanga tchalitchi chatsopano. Ine ndidapuma ntchito n'kukhazikika kuno ku Geisha mu Mzuzu muno, kumene mawondo anga amadana ndi chitunda chilichonse.

Nditapuma kale, m'mawa wina kudabwera alendo awiri pa geti. Wina adali NyaChirwa, imvi zitayamba. Winayo adali mayi wonenepa bwino, mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale, amene adandigwadira n'kunena kuti ndi Tiwonge. Adandiuza kuti agogo NyaManda adamwalira mwezi wapitawo atakalamba zedi, ndipo adasiya uthenga wanga.

"Atatsala pang'ono kutisiya anandiitana," adatero NyaChirwa. "Anati, pamalo paja ndinkazula udzu pali mwana wanga woyamba. Ine sindinamulire, ndipo mphamvu zolirira zandithera. Mukandilirireko. Mukatengenso nesi wa ku Ntcheu uja. Mukamuuze kuti ndikumukwiyirabe, kweni ntchito iyi akuidziwa ndi iye."

Ndidaseka, kenaka ndidapezeka kuti sindikuseka. Ndidavala nsapato zanga zolimba, ndipo adandigwira mikono uku ndi uku potsetsereka ku Masasa. Nyumba zafika mpaka m'mphepete mwa dambo tsopano, koma NyaChirwa sadasokere. Tidagwada atatu pa udzu. Tidalira mwana amene akadakhala moyo bwenzi ali nkhalamba ngati ine, mwana amene palibe mmodzi wa ife adamuonapo. Ndipo Tiwonge, uja ankati adzafa mayi ake akangogwetsa msozi, ndiye adalira mokweza kutiposa tonse.